Kuitanitsa galimoto ya liwiro ku America mpaka kuiyendetsa mwalamulo ku Britain

Ambiri a ife kuitanitsa galimoto tinaphunzirira pa za ku Japan. Umasankha pa intaneti, umatumiza ndalama, sitima imakatsitsa ku Dar es Salaam, dalaivala n'kubwera nayo mpaka pa Songwe. Galimoto zimenezo sizivutitsa chifukwa ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu ngati kwathu, ndipo chiwongolero chimakhala kumanja. Ndiye munthu akakhazikika ku Britain, mtima wake n'kugwa pa Dodge Challenger, Chevrolet Camaro, Corvette kapena Mustang yakale, amaganiza kuti njira ndi yomwe ija. Ayi ndithu. Galimoto ya ku America inapangidwira msewu wa kumanja ndi malamulo a kwawo, ndipo boma la Britain silidzakupatsani nambala mpaka litakhutira ndi mapepala, msonkho ndi magetsi ake.

Zimatheka, ndipo anthu amachita chaka ndi chaka. Koma mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi iyi: mtengo ndi mavuto a ntchito yonseyi zimadziwika musanagule, poona chaka chimene galimoto inapangidwa ndi pepala la umwini wake. Mukalakwitsa ziwirizi, palibe makaniko kapena ejenti amene angakupulumutseni.

Yambani ndi chaka, osati mtundu wa penti

Pali malire atatu a zaka amene malamulo a ku Britain amayang'ana, ndipo aliwonse amasintha ndalama zotuluka m'thumba mwanu.

Galimoto imene sinakwanitse zaka 10 iyenera kupimidwa ndi bungwe la boma la DVSA pa mayeso otchedwa IVA isanalembetsedwe. Mayesowa ndi okhwima kuposa MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Galimoto imene yapitirira zaka 10 nthawi zambiri siifuna IVA, imangofunika kupambana MOT basi. Ikakwana zaka 30, ndipo ikakhala kuti injini, chesisi, chiwongolero ndi mabuleki sizinasinthidwe kwambiri komanso mtunduwo anasiya kupanga, a msonkho atha kuiwerenga ngati galimoto ya osunga zakale: msonkho wa pa doko palibe, ndipo VAT imatsika kuchoka pa 20 kufika pa 5 peresenti. Ikadutsa zaka 40 mutha kuilembetsa m'gulu la galimoto zakale zosalipira msonkho wa pamsewu, ndipo ngati sinasinthidwe kwambiri siikakamizidwa kupita ku MOT chaka chilichonse.

Chifukwa chake, ngati mwapeza ziwiri zofanana, ina ya zaka 9 ina ya zaka 11, tengani ya 11. Ngati ya zaka 29 yakudolola, funsani wogulitsa ngati angaisunge mpaka ikwanitse 30, kapena funani ina. Mwezi ndi chaka chimene inatuluka m'fakitale zimalembedwa pa kasitika kamene kali pa chitseko cha dalaivala kapena pa felemu yake, mukatsegula chitsekocho. Uzani wogulitsa akujambulireni kasitikako. Musadalire chaka cholembedwa pa malonda, chifukwa ku America galimoto yotchedwa ya 2016 ikhoza kukhala itapangidwa mu 2015.

Ndinenepo maganizo anga apa. Ngati mukufuna Mustang ya 2015 kapena yaposachedwa, musavutike n'kuitanitsa. Kuyambira chaka chimenecho Ford inayamba kupanga Mustang ya chiwongolero cha kumanja ku fakitale yake ya Flat Rock ku Michigan, ndipo zimagulitsidwa ku Britain komweko zili ndi mapepala onse. Corvette yatsopano, ya injini ya pakati yotchedwa C8, nayonso ilipo ya kumanja. Kuitanitsa kumakhala ndi nzeru pa galimoto zimene simungazipeze mosavuta: Challenger, imene inkapangidwa ya kumanzere yokhayokha mpaka pamene anasiya kuipanga kumapeto kwa 2023, Camaro, ma Corvette akale, ndi ma Mustang a m'ma 1960.

Musanatumize ngakhale dola imodzi, imbirani a inshuwalansi

Anthu ambiri amachita izi pomaliza, pamene galimoto ili kale pa doko. Chitani poyamba. Makampani ambiri odziwika sakonda galimoto yoitanitsa, ya chiwongolero cha kumanzere, ya injini ya V8. Alipo makampani apadera a galimoto za ku America ndi zakale, ndipo ndi amenewo muwafunse. Auzeni zoona zokhazokha: msinkhu wanu, kumene galimoto izigona usiku, zaka zimene mwayendetsa ku Britain, ndi chilichonse chimene chinasinthidwa pa galimotoyo.

Nkhani ya laisensi ilowanso pano. Laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia imakulolani kuyendetsa kwa miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwayamba kukhala ku Britain, kenako muyenera kulemba ndi kuyesedwa mayeso a ku Britain. Ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa imatheka kusinthitsa popanda mayeso. Munthu wa laisensi yatsopano adzauzidwa mtengo woboola m'thumba pa galimoto ya mphamvu chotere, ndipo ndi bwino kuumva mtengowo ndalama zanu zikadali ku banki.

Pepala la umwini ndi mbiri ya galimoto

Ku America umwini wa galimoto uli pa pepala lotchedwa title, limene limaperekedwa ndi boma la chigawo chilichonse. Ndiye buluu buku wawo. Popanda title yeniyeni galimoto siituluka m'dzikomo, ndipo ku Britain mudzavutika kuilembetsa. Wogulitsa akanena kuti pepalalo linasowa koma atumiza pambuyo, musiyeni, funani wina.

Pa title yang'anani zinthu zitatu. Dzina lolembedwapo likhale la munthu kapena kampani imene ikukugulitsani. Pasakhale ngongole: banki ikakhala kuti inakongoza ndalama zogulira galimotoyo dzina lake limalembedwa pamenepo, ndipo pamafunika kalata yochokera ku bankiyo yonena kuti ngongole inatha. Chachitatu ndi mawu ngati salvage, rebuilt kapena flood. Amenewo akutanthauza kuti a inshuwalansi anaitaya galimotoyo itachita ngozi yaikulu kapena itamira m'madzi. Misika ya intaneti ngati Copart ndi IAA yadzaza ndi zoterezi, ndipo mitengo yake imakopa. Kwa munthu amene akuitanitsa koyamba, ine ndimati ayi. Galimoto yomira m'madzi imawala bwino pa chithunzi, koma mawaya ndi makompyuta ake amawola pang'onopang'ono, ndipo matenda ake amadzatulukira patapita miyezi, lero mawindo, mawa ma airbag, mkuja injini kuzima pa roboti. Mphepo ya mkuntho ya Harvey itamiza mzinda wa Houston mu 2017, komanso ya Ian itagunda Florida mu 2022, galimoto zambiri zonyowa zinalowa m'misika.

Galimoto iliyonse kuyambira 1981 ili ndi nambala ya VIN ya zilembo ndi manambala 17. Imaoneka pansi pa galasi la kutsogolo mbali ya dalaivala, komanso pa kasitika ka pa chitseko kaja. Nambala ya pa galasi, ya pa chitseko ndi ya pa title zifanane chilembo ndi chilembo. Ndi nambala imeneyo gulani lipoti la Carfax kapena AutoCheck, muone ngozi, eni ake akale, mamailosi, ndi zigawo zimene galimotoyo yakhalako. Mukaona kuti inasamutsidwa chigawo ndi chigawo m'miyezi yochepa itangochita ngozi, chenjerani: atsizinamtole amatero kuti mawu oipa aja afufutike pa title yatsopano.

Kumene yakhala kumakuuzaninso za dzimbiri. Ku Michigan, Ohio, New York ndi zigawo zina za kumpoto amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, ndipo mcherewo umadya chitsulo kuchokera pansi. Za ku Arizona, Nevada ndi mbali zouma za California zimakhala zoyera kunsi, ngakhale dzuwa limang'amba dashibodi ndi mipando. Mpando umasokedwa, koma chesisi yowola imakugwetsani pa MOT.

Lipirani munthu woima payekha, wosagwirizana ndi wogulitsa, akaione galimotoyo ndi maso. Aikweze m'mwamba, ajambule kunsi konse, ayendetse injini ili yozizira, atukule kapeti wa mu buti ndi pansi pa mipando kufuna matope ouma kapena fungo la chinyontho. Aonenso ngati catalytic converter, chida cha pa ekizozi choyeretsa utsi, ilipo, chifukwa eni galimoto za liwiro amakonda kuichotsa kuti phokoso likule, ndipo galimoto imene inapangidwa nayo siidutsa MOT ikaichotsedwa. Polipira wogulitsa amene simumudziwa, gwiritsani ntchito kampani ya escrow yosunga ndalama pakati mpaka galimoto itaperekedwa, ndipo muisankhe nokha, osati imene wogulitsa wakutumizirani linki yake. Tengani risiti yolembedwa bwino yokhala ndi mtengo weniweni, tsiku ndi VIN.

Kuitulutsa ku America

Apa pezani kampani yotumiza magalimoto imene imachita njira ya America ndi Britain kawirikawiri, ndipo muipemphe mtengo wolembedwa wotchula chilichonse: kunyamula kuchoka kwa wogulitsa kufika pa doko, mapepala a kasitomu, sitima, zolipira pa doko la ku Britain, ndi ntchito ya ejenti wokiliyara. Mtengo wotsika kwambiri nthawi zambiri umakhala kuti wasiya zina mwa izi.

A kasitomu a ku America amafuna title yeniyeni iperekedwe pa doko maola 72 galimoto isanakwere sitima, ndipo ulendowo ulembetsedwe mu kompyuta yawo yotchedwa AES, imene imatulutsa nambala ya ITN. Kampani yanu ndiyo ichite zimenezi. Inu muonetsetse kuti title ija ikubwererani m'manja pambuyo pake, chifukwa a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto ku Britain, adzaifuna.

Njira zonyamulira ndi ziwiri. Pa RoRo galimoto imayendetsedwa kulowa m'sitima n'kumangidwa m'kati. Ndi yotsika mtengo, koma galimoto iyenera kukhala yolira ndi yoyenda, makiyi amakhala ndi antchito a pa doko, ndipo simuloledwa kuikamo katundu. Pa kontena galimoto imatsekeredwa m'bokosi, nthawi zambiri pamodzi ndi ya munthu wina kuti mugawane mtengo. Galimoto yakale, yotsika kwambiri kapena ya mtengo wapatali, ilowe mu kontena. Ubwino wina ndi woti mutha kuikamo masipeya, monga mabuleki, mafyuluta ndi malamba a injini, amene ku America ndi otchipa. Muwalembe pa mapepala, musabise.

Madoko a kum'mawa monga Newark, Baltimore, Savannah ndi Jacksonville ali pafupiko ndi madoko a ku Britain a Southampton, Felixstowe kapena Liverpool poyerekeza ndi a kumadzulo, ndipo sitima imatenga milungu ingapo panyanja. Yochokera ku California imadzera ngalande ya Panama ndipo imachedwerapo. Gulani inshuwalansi ya panyanja yolipira ngakhale kukalika ndi kuphwanyika, osati yolipira pokhapokha sitima itamira. Tsiku limene galimoto ikuperekedwa, ijambulidwe mbali zonse, ndi mamailosi omwe.

Msonkho

Galimoto ikafika, ejenti amailembetsa ku kasitomu. Pa galimoto wamba yochokera ku America msonkho wa pa doko ndi 10 peresenti, ndipo VAT ndi 20 peresenti. Chimene chimadabwitsa ambiri ndi mmene amawerengera. Msonkho umawerengedwa pa mtengo wa galimoto kuphatikiza sitima ndi inshuwalansi, kenako VAT imawerengedwa pa zonsezo kuphatikizanso msonkho uja. Tiyerekeze kuti mwagula pa ndalama yofanana ndi £20,000 ndipo kunyamula kwadya £2,000. Msonkho ndi £2,200. VAT ndi 20 peresenti ya £24,200, yomwe ndi £4,840. A boma atenga £7,040, ndipo galimoto ya £20,000 ija yafika pa £29,040 musanagule ngakhale babu limodzi. Galimoto ya mtengo womwewo ikakhala yovomerezeka ngati ya zaka 30 mulipira £1,100 yokha. Mwaona chifukwa chake ndinayamba ndi chaka.

Wina adzakunong'onezani kuti wogulitsa alembe risiti ya mtengo wochepa. Musayerekeze. A HMRC, ofesi ya msonkho ya ku Britain, amadziwa mitengo ya galimoto zimenezi, atha kufuna umboni wa ku banki, ndipo kunama pa kasitomu ndi mlandu umene ungakhudze ngakhale mapepala anu okhalira m'dzikomo.

Amene akusamuka kuchoka ku America kukakhala ku Britain ali ndi mwayi wina. Ngati mwakhala kunja kwa Britain miyezi 12 kapena kuposa, ndipo galimotoyo mwakhala nayo n'kuigwiritsa ntchito miyezi 6, mutha kupempha kuti ilowe popanda msonkho ndi VAT kudzera pa fomu ya ToR1. Pemphani galimoto isananyamuke, ndipo dziwani kuti simuloledwa kuigulitsa kapena kuibwereketsa kwa miyezi 12 itafika.

Pasanathe masiku 14 galimoto itafika, a HMRC ayenera kudziwitsidwa kudzera mu dongosolo la NOVA. Ejenti wabwino amachita yekha, koma mufunseni mwachindunji ndipo akupatseni umboni wake. Mukachedwa pali chindapusa, ndipo popanda NOVA a DVLA salembetsa galimoto. Onetsetsaninso kuti VIN yalembedwa molondola pa NOVA, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimaimitsa zonse kwa milungu. Lipirani msanga ndi kuichotsa pa doko, poti masiku aulere akatha amayamba kulipiritsa malo tsiku ndi tsiku.

Kuchoka pa doko, galimoto ikwere thiraki kapena ngolo yonyamulira. Ilibe nambala ya ku Britain, ndiye siiloledwa pamsewu, ngakhale kungoimika m'mbali mwa msewu kutsogolo kwa nyumba yanu. Ulendo wokha umene lamulo limalola ndi wopita ku MOT kapena IVA imene mwabukitsa kale, ndipo pamenepo ikhale ndi inshuwalansi yolembedwa pa nambala ya VIN.

Magetsi, pamene pagona ntchito yeniyeni

Injini, mabuleki ndi malamba a galimoto ya ku America nthawi zambiri zilibe vuto ndi malamulo a ku Britain. Sipidomita nayo ili kale m'mamailosi, amene ndi omwe a ku Britain amagwiritsa ntchito. Zimene zimagwetsa anthu ndi magetsi.

Kukada, imikani galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma, mamita angapo kuchoka pakhomapo, muyatse magetsi a dimu. Yang'anani mzere umene kuwala kwathera pamwamba. Pa galimoto zambiri zopangidwira msewu wa kumanja, mzerewo umakwera mbali ya kumanja kuti uunikire zikwangwani ndi oyenda pansi. Ku Britain mbali ya kumanja ndi kumene kukuchokera galimoto zinzanu, ndiye kuwalako kumalowa m'maso mwa madalaivala. Magetsi ayenera kukwera kumanzere kapena kukhala a mzere wowongoka. Ena amangofuna kuwongoledwa ndi makina a pa galaja, ena ayenera kusinthidwa onse. Pa galimoto zakale za magetsi ozungulira a mainchesi 7 n'zosavuta, mumagula a ku Britain n'kumangirira. Pa zatsopano ndi ntchito ya katswiri. Timagetsi ta kutsogolo toyaka galimoto ikaima tikhale toyera, pamene ku America nthawi zambiri timakhala ta olenji.

Tsopano pitani kumbuyo, mnzanu akhale pa chiwongolero. Aponde buleki, kenako ayatse indiketa ya kumanzere phazi lili pa buleki pomwepo. Pa galimoto zambiri za ku America mudzaona getsi lofiira la kumanzere likuyamba kuphethira, la kumanja lili chiyakire. Babu limodzi likugwira ntchito ziwiri, buleki ndi indiketa. Ku Britain indiketa iyenera kukhala ya olenji, yosiyana ndi buleki. Galimoto zokhazo zimene zinayamba kuyenda tsiku la 1 September 1965 lisanafike ndi zimene zimaloledwa indiketa yofiira kumbuyo. Pa zina zonse mawaya ayenera kulekanitsidwa, ndipo getsi la olenji lipezeredwe malo. Ena amagula magetsi a kumbuyo opangidwira msika wa ku Ulaya ngati alipo a mtunduwo, ena amatsegula magetsi omwewo n'kuikamo ma LED a olenji. Ntchito yabwino siioneka kuti panadutsa munthu.

Chachitatu ndi getsi la nkhungu la kumbuyo, lofiira kwambiri, limene lamulo la ku America silikakamiza konse. Ku Britain galimoto iliyonse yoyamba kuyenda kuchokera pa 1 April 1980 iyenera kukhala nalo, pakati kapena mbali ya kumanja, ndi switchi yokhala ndi kagetsi komuuza dalaivala kuti layaka. Ndipo yoyamba kuyenda kuchokera pa 1 April 1986 imafunikanso timaindiketa ta m'mbali, pa fenda kapena pa galasi loonera kumbuyo.

Pa galimoto ya m'ma 1970 makaniko aliyense wodziwa mawaya angachite zonsezi. Pa Challenger kapena Camaro yatsopano, chonde musapereke kwa munthu woti angodula waya n'kulumikiza ndi tepi. Magetsi ake amalamulidwa ndi kompyuta imene imayeza mphamvu yodutsa pa waya uliwonse, ndipo ikaona zachilendo imazimitsa getsilo kapena kudzaza dashibodi ndi machenjezo, mwinanso kupsa kumene. Alipo magalaja odziwa galimoto za ku America okhaokha, ena pafupi ndi madoko, amene amasintha magetsi n'kukaiperekanso okha ku mayeso. Afunseni ngati anachitapo mtundu wanu weniweniwo, ndipo akuonetseni zithunzi za ntchito yawo.

Zotsala ndi zazing'ono koma zimagwetsa. Magalasi akuda a kutsogolo achotsedwe pepala lake: galasi lalikulu liyenera kulowetsa 75 peresenti ya kuwala, a m'zitseko za kutsogolo 70 peresenti. Matayala akhale ndi mapanda osachepera mamilimita 1.6, ndipo onani zaka zake, poti galimoto yokhalitsa m'galaja imakhala ndi matayala ooneka atsopano koma ouma ndi ong'aluka. Ekizozi yaphokoso yoikidwa ndi mwini wake wakale ingafunike kubwezeretsa ya fakitale, chifukwa pa IVA phokoso amaliyeza ndi makina. Wailesi siikhudza mayeso, koma musadabwe ikamadumpha masiteshoni ena: ya ku America imangogwira manambala othera pa 1, 3, 5, 7 ndi 9 pambuyo pa kadontho.

Mayeso

Ngati galimoto yapitirira zaka 10, bukitsani MOT pa galaja iliyonse yovomerezeka, muwauze kuti ndi yoitanitsa yosalembetsedwa kuti ayese pa nambala ya VIN. Mtengo wa MOT ya galimoto sudutsa £54.85.

Ngati sinafike zaka 10, pemphani IVA ku DVSA pa fomu ya IVA 1C. Galimoto ya chiwongolero cha kumanzere imalowa m'gulu la basic IVA, kumene woyesa amaona galimoto yeniyeniyo ndi kuipima m'malo mofuna mulu wa zikalata za ku fakitale. Tumizani fomu msanga chifukwa tsiku la mayeso limatha kukhala patali. Ikapambana mumalandira satifiketi ya IAC, ndipo muisunge bwino. Ikalephera amakupatsani mndandanda wa zolakwika, mumakonza n'kubwereranso pa mtengo wocheperapo. Galimoto ya pakati pa zaka 3 ndi 10 imafuna zonse ziwiri, IVA ndi MOT.

Kulembetsa ku DVLA

Fomu ya galimoto yogwiritsidwapo ntchito ndi V55/5. Muitumize ku DVLA ku Swansea pamodzi ndi title yeniyeni ya ku America, satifiketi ya IAC ngati inafunika, umboni wa MOT, risiti yogulira, umboni wa dzina lanu ndi wa kumene mukukhala, £55 yolembetsera, ndi msonkho woyamba wa pamsewu. Jambulani pepala lililonse musanatumize, makamaka title, chifukwa imeneyo siibwerera, ndipo tumizani pa positi yosainira. Ngati title siikuonetsa bwino chaka chimene galimoto inapangidwa, monga zimachitikira pa zakale, mudzafunika kalata yotsimikiza chaka yochokera kwa opanga kapena ku kalabu ya eni galimoto za mtunduwo yovomerezeka ndi DVLA.

Buku la galimoto lochokera ku DVLA, lotchedwa V5C, limatha kutenga milungu 6 kuti lifike. M'menemo muli nambala yanu yogwirizana ndi zaka za galimoto. Pitani nalo kwa opanga manambala ovomerezeka, yoyera kutsogolo, yachikasu kumbuyo. Malo a nambala pa bampala ya ku America ndi aafupi ndi aatali m'mwamba, ndipo nambala yaitali ya ku Britain nthawi zambiri siikwanapo. Lamulo limalola galimoto yoitanitsa yotere kukhala ndi zilembo zocheperako, za mamilimita 64 m'malo mwa 79, ndiye auzeni opangawo kuti ndi yoitanitsa. Pomaliza imbirani a inshuwalansi asinthe kuchoka pa VIN kupita pa nambala yatsopano. Mukatero mwaloledwa kutuluka nayo pa geti.

Masiku oyamba pamsewu

Mwakhala mbali ya kumanzere, pafupi ndi m'mphepete mwa msewu, ndipo thupi lanu lidzafuna kukokera galimoto pakati. Yambani m'misewu yopanda anthu ambiri mpaka diso lizolowere. Kupitirira thiraki pamsewu wa mizere iwiri n'koopsa chifukwa simuona kutsogolo mpaka theka la galimoto litatuluka kale, choncho siyani mpata waukulu kapena lezani mtima. Makina a matikiti pa malo oimika galimoto ali mbali inayo. Challenger ndi yaitali pafupifupi mamita 5 ndipo m'lifupi imayandikira mamita 2, ndiye yezani galaja yanu isanafike.

Pa mafuta, manambala a ku America ndi a ku Britain sawerengedwa mofanana. Buku la galimoto likati 87, petulo wamba wa 95 akwanira ndi kutsala. Likati 91 kapena 93, thirani super wa 97 kapena kuposa. Kuyambira September 2021 petulo wamba ku England, Scotland ndi Wales ndi E10, wosakaniza ndi ethanol wochulukirapo, amene amadya mapaipi a labala ndi zida za kabyuleta pa galimoto zakale, ndiye zimenezo zizimwa E5, wa ethanol wochepa. Galoni ya ku America ndi malita 3.8, ya ku Britain ndi 4.5, choncho kompyuta ya pa dashibodi idzaonetsa mamailosi ochepa pa galoni kuposa mmene anzanu amawerengera.

Okhala ku London, lowetsani nambala yanu pa tsamba la Transport for London musanalowe m'dera la ULEZ, kumene galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipiritsidwa. Galimoto ya petulo iyenera kufika muyezo wa utsi wa Euro 4, apo ayi ndi £12.50 tsiku lililonse mwayenda. Yoitanitsa imatha kuoneka ngati yosakwanira chifukwa choti buku lake lilibe manambala a utsi, ndipo pamafunika kutumiza kalata ya opanga galimoto yotsimikiza muyezo wake kuti akonze. Za zaka 40 zolembedwa m'gulu la zakale sizilipira.

Ndipo ngati m'mtima muli ganizo lodzaitumiza kumudzi tsiku lina, imeneyo ndi nkhani yoyambanso pachiyambi, ndi a MRA ndi a Road Traffic. Afunseni za msonkho wa injini yaikulu chotere ndi za chiwongolero cha kumanzere musanabukitse sitima, ndipo muyeze mpata wa pansi pa bampala poganizira mahampu ndi msewu wafumbi wopita kwanu.